Ukwati wa M'nyengo Yachisanu: Yambani Mwaona M'nkhokwe

Dzinja likapita, chimanga chitalowa m'nkhokwe, m'midzi yathu mumayamba kumveka nthungululu. Anthu ambiri amakonda kumangitsa maukwati m'miyezi ya Juni ndi Julayi, ndipo salakwa ayi. Ntchito ya kumunda imakhala itachepa, misewu yauma, mitsinje imene inali kutsekereza abale a kutsidya yaphwera, ndipo amene analima fodya, mtedza kapena soya amakhala atagulitsako. Ntchentche nazo zimachepa, kotero kuti nyama siifulumira kuonongeka monga ichitira mu Okutobala. Koma nyengo yomweyi ili ndi misampha iwiri. Woyamba ndi mphepo, ndipo umenewu aliyense audziwa. Wachiwiri ndi nkhokwe yodzaza, ndipo ndi umene tiyambe nawo, pakuti ndiwo umagwetsa mabanja ambiri.

Nkhokwe yodzaza imanamiza

Munthu akaimirira pafupi ndi nkhokwe yake mu Juni amadziyesa wolemera. Amaiwala kuti chimanga chimenecho chiyenera kumfikitsa ku zokolola zina, ndipo kuchokera Julayi kufikira Malichi pali miyezi 9. Tsono musanatchule tsiku, musanaitane ngakhale munthu mmodzi, khalani pansi ndi pensulo.

Tiyerekeze kuti mwakolola matumba 20 a makilogalamu 50, ndipo banja lanu limatha thumba limodzi ndi theka pa mwezi. Pa miyezi 9 mudzafuna matumba 13 ndi theka, tingoti 14. Patulaninso awiri a maliro, matenda ndi alendo, chifukwa zimenezi sizipempha chilolezo. Ndipo ngati kwanu n'kwa chikamwini, kumbukirani kuti mkamwini akudza ndi mimba yake koma munda wake sanakololemo, mpatulireni limodzi. Atsala angati? Atatu. Ukwati wa mwana wanu ndi wa matumba atatu amenewo, osati wa matumba 20. Aphunzitsi angathe kupatsa ana a makalasi apamwamba samu imeneyi, aliyense awerengere za kwao, ndipo makolo adzapindula nayo kuposa ana.

Ena amati, "Tigulitsa chimanga kuti tipeze ndalama za phwando, tidzagula china m'tsogolo." Taganizani bwino. Mtengo wa chimanga umakhala wotsika anthu akangokolola, ndipo umakwera kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale. Wogulitsa mu Juni kuti adzagule mu Febuluwale amataya kawiri, ndipo nthawi imeneyo amakapezeka pa ganyu m'munda wa mnzake, wake uli kumera thengo. Alendo amene anavina pa ukwati sadzabwera kudzampalirira.

Za ngongole ya katapila sitichulutsa mau: isalowe m'nkhani ya ukwati ndi pang'ono pomwe. Amene ali m'gulu la banki m'khonde achita bwino kuyamba kusunga chaka chisanafike, kusiyana ndi kukongola sabata ya ukwati. Musawerengerenso ndalama za perekaniperekani ngati kuti zili kale m'thumba. Palibe adziwa kuti zidzakhala zingati, ndipo mwini wake weniweni ndi banja latsopanolo, kuti ligulire feteleza, mbeu ndi ziwiya. N'zomvetsa chisoni kuona ankhoswe atakhala pa mphasa usiku, ali kugawa ndalama zonse kwa mwini galimoto ndi mwini zimkuzamau, mkwati ndi mkwatibwi n'kutsala ndi mbale yopanda kanthu.

Chimene chimanga ukwati

Ankhoswe a mbali zonse ziwiri akomane msanga, miyezi itatu kapena inayi tsiku lisanafike, ndipo anene poyera chimene mbali iliyonse ingathe kupereka. Manyazi pa msonkhano umenewu ndiwo amabala mikangano pambuyo pake. Apangane chiwerengero cha oitanidwa, podziwa kuti kumudzi wodza wosaitanidwa sapirikitsidwa. Mukaitana 100, phikirani oposerapo. Walira mvula walira matope.

Chinkhoswe chichitikire pakhomo monga anali kuchitira makolo. Akuchimuna apereke tambala, akuchikazi thadzi. Khasu ndi nkhwangwa zipite uku, lichero, mthiko ndi chipande zipite uko, ankhoswe adziwane, basi. Mwambo umenewu sufuna holo yolipira ayi. Masiku ano ena amachita maphwando awiri akulu, la chinkhoswe ndi la ukwati, ndipo amasauka kawiri pa ukwati umodzi.

Lamulo la maukwati la chaka cha 2015 limavomereza ukwati wa mwambo, wa kumpingo ndi wa kwa Bwanamkubwa, ndipo silifunsa kuti munapha mbuzi zingati. Chimene lifuna ndi chakuti onse awiri avomere mwa kufuna kwao, ndi kuti akhale a zaka 18 kapena kuposerapo. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inakonzanso malamulo aakulu a dziko kuti makolo asathenso kuvomereza ukwati wa mwana wochepera zaka zimenezi. Okwatira kumpingo akaonane ndi abusa kapena ansembe nthawi ikadalipo, chifukwa mipingo yambiri imalengeza ukwati masabata atatu, ndipo Loweruka la miyezi imeneyi limalimbiranidwa.

Dzuwa ndi mphepo

Mu Juni dzuwa limalowa 5 koloko itangopitirira pang'ono, ndipo likangolowa chisanu chimagwa msanga. Ukwati umene uyamba kutchalitchi 11 koloko, anthu n'kudya 3 koloko, udzatha mu mdima, nkhalamba zili kunjenjemera ndi amai a makanda atathawa kale. Pemphani kuti mwambo wa kutchalitchi uyambe 8 kapena 9 koloko, chakudya chikhale masana, perekaniperekani athe 4 koloko. Mukatero simudzasowa jenereta, ndipo a kutali adzafika kwao kukuonekabe.

Mphepo ya miyezi imeneyi imachokera kummwera chakum'mawa. Pomanga chisakasa, tsekani mbali imeneyo ndi mpanda wa udzu, ndipo khomo liloze kumpoto kumene dzuwa limapendekera nthawi yachisanu. Udzu ndi nthawi yake yomweta, kotero simudzagula. Anyamata a m'mudzi angathe kumanga tsiku limodzi mutawaphikira thobwa. Phwando litatha, udzu womwewo ufolere khitchini ya banja latsopano. Anthu a ku Thyolo, Mulanje, Blantyre ndi Zomba asaiwale chiperoni, mvula yowaza ija yodza ndi nkhungu kuchokera ku Mozambique, imene imatha kukhala masiku angapo osaleka. Kumeneko denga la chisakasa lifunika kufolera ndithu, kapena kupempha chipinda cha mpingo kuti chikhale chodikira. A ku Dedza ndi Ntcheu adziwa okha mmene m'mawa mumalumira. Ndipo ngati muli ndi abale odzera panyanja, auzeni anyamuke masiku awiri tsiku lisanafike, kuti mwera ukawinduka asakakamize bwato pofuna kufika pa nthawi.

Mabenchi mungathe kubwereka kumpingo kapena kusukulu, mutapempha kwa akulu ake. Sankhani munthu mmodzi wowerenga potenga ndi pobweza.

Phikani za nyengo yake

Chakudya chotsika mtengo ndi chimene chili m'munda mwezi womwewo. Mu Juni ndi Julayi muli mbatata, nyemba zatsopano, mtedza wotendera, kabichi ndi mpiru wa kudimba, nzimbe ndi manachesi. Mbuzi imodzi kapena ziwiri ndi nkhuku zoweta nokha zikwana, mukasankha wogawa ndiwo wa dzanja lolungama. Mpunga ukhale wa pang'ono, nsima ichuluke. Zakumwa za m'mabotolo zimadya ndalama zambiri, chonsecho pa tsiku lozizira mlendo amakondwa koposa ndi tiyi wotentha ndi mbatata yophika. Amai ofulula thobwa akumbukire kuti kukazizira chimera chimachedwa kumera ndipo thobwa limachedwa kupsa. Ayambe masiku angapo msanga kuposa mmene achitira m'chilimwe. Nkhuni zitoledwe sabata yathunthu zisanafunike, ziikidwe pouma.

Ukhale ukwati wanu

Ukwati wokongola suli wofanana ndi wa pa chithunzi cha ku Ulaya. Kumeneko ukwati wa nthawi yozizira umachitikira m'nyumba zofunditsidwa. Ife timakhala pabwalo. Tsono n'chifukwa ninji mkwatibwi avale diresi la mapewa pamtunda, milomo ili kugwedezeka ndi mphepo? Telala wa pamsika angathe kusoka la manja aatali, kapena kajekete ka nsalu yomweyo. Kubwereka diresi kwa mbale kapena kumpingo si chamanyazi, pakuti limavalidwa tsiku limodzi lokha. Mkwati agule jekete limene adzapita nalo kutchalitchi zaka zambiri. Operekeza akhale awiri kapena anayi, osati khumi ndi awiri, ndipo ana aang'ono a pa mzere avale majuzi mkati.

Chimene anthu amakumbukira ndi chimene sanachione kwina. Ngati mkwati ndi wa gulu la mganda kapena malipenga, anzake adzavine. Ngati mkwatibwi amaimba kwaya, kwaya yake iimbe. Amai a m'mudzi ali ndi chimtali chao chosalipiritsa. Agogo apatsidwe mpata wolongosola mbiri ya mabanja awiriwo, kumene anachokera ndi mfunda wao, chifukwa ana ambiri a lero saidziwa. Patebulo yalani chitenje chimene mkwatibwi wasankha yekha, ikanipo maluwa a pakhomo ndi malichero a zokolola za chaka chino. Malume wodziwa kusema apereke mtondo, wodziwa kuluka apereke mphasa.

Pogona alendo

Nkhani iyi ambiri amaikumbukira dzuwa litalowa. Alendo a kutali auzidwiretu kuti aliyense adze ndi bulangete lake, ndipo nyumba zogona zipemphedwe kwa anansi pasadakhale, nkhalamba ndi amai a makanda apatsidwe zotseka bwino. Moto wootha ukhale kutali ndi chisakasa ndi nkhokwe, pakuti udzu wauma ndipo mphepo ili kuomba.

Koposa zonse, mbaula ya makala isalowe m'chipinda chogona anthu. Makala oyaka amatulutsa mpweya woipa wosaoneka ndi wosanunkha, ndipo m'nyumba yotseka zitseko ndi mazenera umapha munthu ali m'tulo. Ankhoswe asankhe munthu mmodzi wosamwa, ayendere nyumba zonse anthu asanagone, atulutse mbaula iliyonse. Wina akadandaula mutu, chizungulire kapena nseru atakhala pafupi ndi makala, mtulutseni panja msanga, tsegulani zitseko, ndipo mupite naye kuchipatala usiku womwewo osadikira kuti kuche.