Opaleshoni ya bondo la galu yatha, yatsala ntchito ya pakhomo

Woulutsa: Lino ndi gawo la makalata anu pa nkhani za ziweto. Lero makalata onse atatu akukamba za bondo la galu. A dokotala, yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Mangochi amene amagwira ntchito ya m'dimba ku Johannesburg. Akuti: "Galu wa abwana anga, wamtundu wa Rottweiler, adamuchita opaleshoni yotchedwa TPLO masabata atatu apitawo. Masana ndimatsala naye ndine. Tsopano akuponda bwino ndipo amalira kufuna kuthamanga. Ndimumasule?"

Dokotala: Zikomo bambo, koma chonde musamumasule. M'kati mwa bondo la mwendo wakumbuyo muli timitsempha tiwiri tolimba topingasana, timene timagwira fupa la ntchafu ndi la msongolo. Kakutsogolo kakaduka, msongolo umaterereka galu akamaponda. Pa TPLO, njira imene adayambitsa dokotala Barclay Slocum wa ku Oregon mu 1993, sasoka kamtsemphako. Amacheka mutu wa fupa la msongolo, n'kuuzunguliza pang'ono, n'kuumanga ndi kachitsulo ndi masikuluwu. Ndiye kuti galu wanuyo ali ndi fupa lodulidwa, ndipo kuti ligwirane pamafunika masabata 8 mpaka 12. Ululu umayamba kutha fupa lisanalumikizane, ndipo apa m'pamene ambiri amawonongera ntchito yonse. Akangolumpha kamodzi pothamangitsa mphaka, sikuluwu ikhoza kuthyoka kapena fupa kung'aluka.

Muzimusunga m'chipinda chaching'ono. Ngati pansi pali matailosi, yalani kapeti kuti asaterereke. Akamatuluka, ngakhale pokakodza, akhale pa chingwe chachifupi. Muziyenda naye pang'onopang'ono kwambiri, mphindi zisanu kapena khumi, katatu patsiku, chifukwa akamafulumira amanyamula mwendowo m'malo mouponda. Sabata iliyonse onjezerani mphindi zochepa monga adakulangizirani dokotala wake. Cha pa sabata ya 8 adzamujambula ekisire, ndipo chithunzicho n'chimene chidzanene ngati fupa lapola. Kuona maso a nkhono n'kudekha, bambo.

Woulutsa: Yachiwiri ndi ya mayi a ku Lilongwe. Akuti: "Kagalu kanga adakamanga bondo ndi ulusi wa nayiloni masiku anayi apitawo. Sikakuponda, mwendo watupa, ndipo kakufuna kunyambita chilonda. Ndikapatse Brufen? Nanga chipewa cha pulasitiki cha m'khosi chija ndingachivule usiku? Chikundimvetsa chisoni."

Dokotala: Mayi, chisoni chanu ndachimva, koma Brufen ayi. Mankhwala amenewa amatha kuboola chifu cha galu ndi kuwononga impso zake. Musam'patse mankhwala alionse a anthu opha ululu. M'patseni okhawo amene adalemba dokotala, monga meloxicam kapena carprofen, pa mlingo wake komanso atadya. Akayamba kusanza kapena kuchita chimbudzi chakuda, siyani ndipo imbani foni kuchipatala.

Chipewacho chisachoke mpaka atachotsa ulusi wa pachilonda, pakatha masiku 10 mpaka 14. Usiku, inu muli m'tulo, m'pamene galu amamasula ulusi ndi mano. Anthu amati malovu a galu amapoletsa, koma m'kamwamo muli tizilombo timene tikalowa m'bondo, kuchiza kwake n'kovuta.

Kutupa kotsikira m'munsi mwa mwendo masiku oyamba si kwachilendo. Kulungani ayezi m'kathaulo, muike pabondo mphindi 10 mpaka 15, katatu patsiku. Akagona cham'mbali, gwirani ntchafu ndi dzanja limodzi, msongolo ndi linalo, n'kupinda ndi kuwongola bondo mofatsa kakhumi. Akatembenuka kukuyang'anani kapena kulira, mwapyola muyeso. Podzuka, kolekani thaulo kunsi kwa mimba yake kuti mumuchepetsere kulemera. Agalu ambiri amayamba kugunditsa zala pansi m'masiku ochepa. Koma chilonda chikamatuluka mafinya, chikamanunkha, kapena galu akasiya kudya, musadikire tsiku limene adakuuzani.

Woulutsa: Yomaliza yachokera ku Leeds. Mayiwa akuti galu wawo wamtundu wa Labrador wapola, ekisire yaonetsa bwino, koma ntchafu yaonda. Amvanso kuti kamtsempha ka m'bondo la mwendo winawo kangadzaduke. N'zoona zimenezi?

Dokotala: N'zoona, mayi. Mwa agalu, kamtsemphaka nthawi zambiri sikaduka mwadzidzidzi ngati mwa osewera mpira. Kawirikawiri kamayamba n'kufooka pang'onopang'ono, ngati chingwe chothetheka, ndipo vutolo limakhala m'mawondo onse awiri. N'chifukwa chake agalu ambiri, pafupifupi theka, amadzadukanso kamtsempha ka mwendo winawo. Chimene chili m'manja mwanu ndi kulemera kwake. Sisitani m'mbali mwake: nthiti zizimveka popanda kukanikiza. Ngati simukuzimva, chepetsani chakudya, ndipo makombo a patebulo alekeke.

Ntchafuyo idzabwerera ndi ntchito. Muuzeni akhale pansi n'kudzuka, kasanu mpaka kakhumi, mwendo wochitidwa opaleshoniwo utayandikira khoma kuti asautaye kumbali. Muzikwera naye kachitunda pang'onopang'ono, ndipo azidumphitsa mapazi pa timitengo togoneka pansi. Kwanuko kulinso malo oyendetsera agalu m'madzi, kumene madzi amanyamula thupi minofu ikugwira ntchito. Mphamvu zonse zimabwerera pakatha miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi. Ngati tsiku lina ayambanso kutsimphina mwadzidzidzi, kapena mukumva kuti "tha! tha!" m'bondo akamayenda, mwina kachichereŵechereŵe ka pakati pa mafupa kang'ambika, choncho pitani naye akamuone.

Woulutsa: Mawu otsiriza, a dokotala?

Dokotala: Galu sawerenga masabata. Akamva bwino lero, amayesa wachira. Omuwerengera ndinu. Lembani tsiku la opaleshoni pa kalendala, ndipo chingwe chisachoke m'manja mpaka dokotala wake atakuuzani.