Gondar ndi mafumu amene anaumanga

Kumpoto kwa nyanja ya Tana ku Ethiopia kuli mzinda wa Gondar. Mfumu kulibeko, koma nyumba zamiyala zimene mafumu anasiya zidakali chiimire, ndipo anthu amazitchulabe mayina a eni ake.

Kodi anakhazikitsa mzindawu ndani?

Mfumu Fasilides, cha m'ma 1636. Mafumu am'mbuyo mwake ankakhala m'matenti, akumasamuka pamodzi ndi asilikali, ansembe ndi antchito awo. Nkhuni ndi chakudya zikatha pamalo, msasa wonse unkanyamuka. Fasilides ndiye anasiya moyo wosamukasamukawu n'kumanga ndi miyala.

Analowa ufumu dziko lili pamoto. Bambo ake, Susenyos, analowa Chikatolika mu 1622, anthu anakana, magazi anakhetsedwa, mpaka mu 1632 anasiyira mwana wake mpando. Fasilides anabwezeretsa mpingo wa Orthodox n'kuthamangitsa ansembe achijezwiti. Choncho Gondar unabadwa pamene ufumu ndi mpingo zinagwirananso manja.

Anali a banja liti?

Banja limene limati linachokera kwa Mfumu Solomo ndi mfumukazi ya ku Seba, kudzera mwa mwana wawo Menelik I. Nkhaniyi ndi ya makolo, koma chodziwika bwino n'chakuti banjali linatenga ufumu mu 1270, pa nthawi ya Yekuno Amlak.

N'chifukwa chiyani mumpanda umodzi muli nyumba zachifumu zambiri?

Chifukwa wolowa ufumu sankakhutira ndi nyumba ya amene anamusiyira mpando. Mumpanda wa Fasil Ghebbi, umene kuzungulira kwake ndi mamita pafupifupi 900 ndipo uli ndi zipata 12, mumayenda ngati mukuwerenga mndandanda wa mafumu. Nyumba ya Fasilides ili ndi nsanja zozungulira m'makona. Yohannes I anawonjezera nyumba ya mabuku, Iyasu I anamanga yakeyake, Bakaffa anaika holo yamadyerero, ndipo mkazi wake Mentewab, amene analamulira m'malo mwa mwana wake Iyasu II kuyambira 1730, anamanganso yake. Mayiyu anamanganso nyumba ndi tchalitchi ku Qusquam, paphiri la kunja kwa mzinda. UNESCO inaika malowa m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 1979.

Nanga abale a mfumu ankakhala momwemo?

Ayi. Amuna a m'banjamo amene akanatha kulimbirana mpando ankawatsekera pamwamba pa phiri la Wehni. Mfumu ikamwalira, wolowa m'malo nthawi zambiri ankakamutenga kuphiriko. Poyamikira kukongola kwa Gondar ndi bwino kukumbukiranso anthuwa, amene ena anakalambira paphiri chifukwa chongobadwira m'banja lachifumu.

Zinthu zinasokonekera pati?

Mu 1769, pamene Ras Mikael Sehul wa ku Tigray anaphetsa Mfumu Iyoas. Kuyambira pamenepo mpaka 1855, nyengo imene Aitiyopiya amaitcha Zemene Mesafint, mafumu a ku Gondar anatsala ndi dzina lokha. Akuluakulu a zigawo ankawaika ndi kuwachotsa mmene afunira. Mzinda umene unapatsa mafumu pokhala unasanduka khola lawo.

Anawononga mzindawu ndi adani akunja?

Osati okhawo, ndipo apa m'powawa. Tewodros II, amene anagwirizanitsanso dziko mu 1855, sanafune kukhala ku Gondar. Anasankha Debre Tabor, kenako Magdala, ndipo m'zaka za m'ma 1860 iye mwini anatentha mzindawu n'kulanda chuma cha m'matchalitchi. Mu 1888 asilikali a gulu la Mahdi ochokera ku Sudan anadzautenthanso. Mu 1941 mabomba a Angerezi, pothamangitsa Ataliyana, anaphwanya mbali ina ya mpandawo. Apa n'kuti likulu litapita kale ku Addis Ababa, mzinda wa Menelik II.

Ufumu unatha Haile Selassie atachotsedwa mu 1974. Chikumangiriza Gondar kwa mafumu ake n'chiyani lero?

Ine ndikuona kuti ndi mpingo ndi anthu wamba. Tchalitchi cha Debre Berhan Selassie, chimene Iyasu I anakhazikitsa, chinapulumuka moto wa 1888. Anthu a kumeneko amasimba kuti njuchi ndi zimene zinabweza adaniwo pachipata. Mukalowamo n'kuyang'ana kudenga, mizere ya nkhope za angelo, zamaso akuluakulu, imakuyang'anani kuchokera pakati pa mitanda ya denga. Mpaka lero anthu amapempheramo.

Kwina ndi kudziwe la Fasilides. Pafupifupi chaka chonse limakhala louma, mizu ya mitengo itakumbatira makoma ake. Pa Timkat, chikondwerero cha ubatizo wa Yesu, amalidzaza madzi. Ansembe amabwera atasenza tabot pamutu, chifaniziro cha likasa la chipangano chokutidwa ndi nsalu zonyezimira. Khamu lovala zoyera limachezera kupemphera, ndipo m'mamawa madzi akadalitsidwa, anyamata amalumphiramo. Mfumu inamanga dziwelo, koma amene alisunga ndi anthu amenewa.

Woti apiteko apite liti?

Mu Januwale. Timkat imachitika pa 19, kapena pa 20 m'zaka zina. Mutenge chofunda, chifukwa mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 2,000 ndipo m'bandakucha kudziweko kumazizira kwambiri.