Ndigule njinga yanji yopitira kuntchito?

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe ndipo ndimagwira ntchito ku Kanengo. Ndalama ya minibasi ikundithera malipiro, moti ndasunga kangachepe kuti ndigule njinga yakapalasa. Bambo akunyumba akuti ndigule ya magiya yonyezimira kuti anthu asandiyese wosauka. Mchimwene wanga akuti ndigule njinga ya mtundu wa Buffalo. Komanso ndili ndi manyazi, anzanga kuntchito andiseka. Ndithandizeni.

Mayi wothedwa nzeru, Area 25

Mwana wanga,

Wachita bwino kusunga ndalama imeneyi m'nyengo yovuta ino. Za manyazizo zisakusowetse tulo. Oseka aja aseka sabata imodzi, koma mwezi ukamatha ndiwe udzakhale ndi ndalama ya ufa ndi ya sukulu ya ana. Ena mwa iwo adzabwera kudzakufunsa komwe unagula.

Usanapite kusitolo, pita kaye kwa okonza njinga amene amakhala pansi pa mtengo kufupi ndi kwanu. Afunse kuti njinga imene imabwera kawirikawiri itawonongeka ndi iti, komanso imene zipangizo zake zimapezeka msanga ndi iti. Iwowo ndi anyamata a kabaza amaidziwa njinga kuposa wogulitsa, chifukwa wogulitsa amaiona ili yatsopano basi.

Amuna ako akukufunira zabwino, choncho uwayankhe mwaulemu, koma uwakumbutse kuti chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Njinga zambiri za magiya zotsika mtengo zimakongola zili m'sitolo, koma zikalowa m'fumbi ndi m'matope tcheni chimayamba kugwa, magiya n'kumadumpha, iwe n'kufika kuntchito manja ali bii ndi girizi. Magiya ndi ofunika kwa wokhala kozungulira mapiri ngati ku Ndirande ku Blantyre. Njira yako ilibe zitunda zoopsa chotero.

Mchimwene wako sanalakwitse. Buffalo ndi yolimba, ndipo keliyala yake imanyamula makilogalamu 100, kotero thumba la chimanga ndi mwana wa sukulu sizingakuvute. Komabe dziwa kuti ndi yolemera. Ikwere kaye, uyese kuikankha ndi kuinyamula pakhonde. Ngati ikukulemera, funa njinga yopanda magiya yopepukirapo, makamaka yopanda chitsulo chapamwamba cha pakati pa chishalo ndi chiwongolero, kuti uzikwera bwino utavala siketi kapena chitenje.

Poyesa, khala pachishalo, uike chidendene pa pedulo ili pansi. Mwendo uwongoke popanda kupendeka thupi. Chishalo chikatsika kwambiri mawondo amawawa. Gwira mabuleki onse uone ngati akuluma, zungulitsa mateyala uone ngati sakuvina, ndipo dina masipoko ndi chala kuti pasakhale lolefuka. Pakhalenso chotchinga tcheni ndi zotchinga matope, chifukwa mvula ikayamba mu Novembala sufuna kulowa mu ofesi msana uli ndi mzere wa thope.

Usamalize ndalama yonse pa njinga yokha. Siya ina ya pampu, chubu chapadera, loko wolimba, belu, chipewa choteteza mutu, nyali ndi chovala chonyezimira. Ichi ndikuchinena mtima uli m'mwamba, mwana wanga: msewu wa M1 pa Kanengo umadzaza malole, ndipo mu Juni dzuwa limalowa anthu akungoweruka kumene. Yenda kumanzere, kumphepete, ndipo usapanikizane ndi lole pokhota chifukwa dalaivala sakuona.

Loweruka likubwerali, tenga amuna ako mupite limodzi kwa okonza njinga aja. Akamva okha kuchokera kwa amisiri, nkhani ya kunyezimira itha yokha. Ukagula, uyese njirayo Lamulungu masana magalimoto ali ochepa, kuti Lolemba udzadzuke ukudziwa nthawi yonyamukira.

Ndine wako,
Azakhali