Mjigo umodzi, anthu 600: masamu a pamsasa wa othawa madzi

Sabata yatha tikuphunzira za kayendedwe ka madzi m'paipi, mtsikana wina wa Fomu 3 anandiponyera funso lija ndinalizolowera: "Aphunzitsi, zimenezi tidzazigwiritsa ntchito kuti?" Ndinati pamsasa wa anthu othawa madzi osefukira. Kalasi inaseka poyesa ndikucheza, belu n'kulira ndisanafotokoze. Ndiye ndati ndimalizire pano.

Tiyambe ndi chifukwa chake nkhaniyi ili yathu. Dedza boma ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe nyanja yathu ya Malawi siifika mamita 480. Amene munakwerapo msewu wa Khwekhwelere kuchokera pa Golomoti mukudziwa mmene makutu amatsekekera. Tsono milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi pa sikweya mita iliyonse. Mvula ya mamilimita 100 ikagwa pa sikweya kilomita imodzi yokha, amenewo ndi malita 100 miliyoni, olemera matani 100,000. Ikani zimenezo mu mgh, h wake akhale mamita 1,000, muone mphamvu imene Nadzipokwe wa ku Mua ndi Namikokwe wa ku Mtakataka amatsika nayo. Madziwo akafika kuchigwa liwiro limachepa, mchenga umene anyamula umatsalira mumtsinje, ndipo posowa podzera amangomwazikira m'midzi. N'chifukwa chake kuno kumatha kusefukira dzuwa likuswa mtengo, mvula itagwa kumtunda.

Namondwe wa Freddy ataomba chigawo cha kummwera m'mwezi wa Malichi 2023, anthu oposa 650,000 anasowa pokhala, ndipo misasa inaposa 500. Yambiri inali m'masukulu. Choncho tiyerekeze kuti usiku wathawu anthu 600 afika pa sukulu ya pulayimale ya kwanu. Pali mjigo umodzi, makalasi 8 ndi zimbudzi 6. Inuyo ndiye mwapatsidwa kope ndi cholembera.

Mabungwe othandiza anthu pa ngozi padziko lonse amatsata miyezo ya m'buku lotchedwa Sphere. Pa madzi, muyezo wake ndi malita osachepera 15 pa munthu patsiku, akumwa, ophikira ndi osamba pamodzi. Anthu 600 kuchulukitsa ndi 15 ndi malita 9,000. Mjigo wabwino umatulutsa malita pafupifupi 17 pa mphindi. Gawani 9,000 ndi 17: mupeza mphindi 529, pafupifupi maola 9. Amenewo ndi maola opopa osapumira, osawerengera nthawi yochotsa ndowa yodzaza n'kuika ina, osawerengeranso eni mudzi amene amatunga pomwepo chikhalire. Mukuona? Madzi pansipo alipo ambiri, koma chotipinga ndi liwiro limene akutulukira. Wina akabwera ndi zigubu 600 zatsopano, wathandiza posungira, koma mzere wa pamjigo sufupika ndi munthu mmodzi yemwe. Chofupikitsa mzere ndi mjigo wachiwiri, kapena thanki yokhala ndi mipopi ingapo.

Nanga mayi watopa ndi mzere uja amatani? Amapita kudambo kukatunga madzi osefukira, omwe adutsa m'zimbudzi zogumuka. Apa mpamene masamu amasanduka maliro. Freddy anatipeza tili kale ndi mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700. Klorini amapha tizirombo, koma ali ndi malamulo ake: amafuna mphindi 30 asanamalize ntchito, ndipo m'madzi amatope mphamvu yake imathera pa zinyalala. Madzi otere muyambe mwawasiya adikhe, kapena muwasefe pansalu, kenako muthire mankhwala.

Zimbudzi sizichedwa kuwerengera. Chimodzi chikhale cha anthu 20, ndiye pakufunika 30. Masiku oyambirira amalola chimodzi pa anthu 50, komabe zimenezo ndi 12, ife tili ndi 6. Chovuta ndi pokumba. Dzenje litalikirane ndi mjigo mamita osachepera 30, ndipo pansi pake pakhale mita imodzi ndi theka pamwamba pa madzi a pansi panthaka. Kuno kufupi ndi nyanja nthawi ya dzinja, ukakumba pang'ono madzi atumphuka kale, ndiye chimbudzi chimayenera kumangidwa chokwera.

Pogona ndiye pamadabwitsa. Muyezo ndi masikweya mita 3.5 pa munthu. Kalasi ya mamita 8 mulitali ndi 7 mulifupi ndi masikweya mita 56, kutanthauza anthu 16 basi. Chipinda chomwe timathinanamo ana 80 masana chimagoneka anthu 16! Makalasi 8 aja atenga anthu 128, otsalawo akufunika matenti.

Gawo limene ndimalikonda ine ndi la chakudya, chifukwa ndi fizikisi yeniyeni. Munthu amawerengeredwa makilokalori 2,100 patsiku, omwe ndi majoule pafupifupi 8.8 miliyoni. Gawani ndi masekondi 86,400 a tsiku limodzi: mupeza mawati 102. Eya, inuyo mukudya mphamvu ngati babu lakale lija la mawati 100, usana ndi usiku, ngakhale mutangokhala pamkeka. Magalamu 100 a ufa wa chimanga ali ndi makilokalori pafupifupi 360, choncho kudalira ufa wokhawokha munthu angafune magalamu 580. Anthu 600 ndi makilogalamu 350, matumba 7 a makilogalamu 50 tsiku lililonse. Lole ikatsitsa matumba 50 anthu amaomba m'manja, koma amene ali ndi kope amadziwa kuti imeneyo ndi sabata imodzi. Ndipo nsima yokha siikwana. Pamafunika nyemba, mafuta, mchere ndi likuni phala la ana. Nyembazo zimafuna nkhuni zambiri, nkhunizo zanyowa.

Ndinaonapo ndekha chaka china, nditapemphedwa kukathandiza kulemba mayina pamsasa wina. Sabata imodzi kunabwera magulu atatu a anthu akufuna kwabwino, onse atanyamula ufa ndi ndowa. Wobweretsa klorini kapena sopo panalibe. Palibe anali ndi mtima woipa. Aliyense ankangoganiza payekha kuti wovutika amafuna chakudya. Paipi ikakhala yopapatiza malo amodzi, kukulitsa malo ena sikuwonjezera madzi otuluka.

Imeneyi ndiye ntchito ya DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Imagawa ntchito m'magulu, lililonse lotsogozedwa ndi unduna kapena nthambi ya boma mothandizana ndi bungwe lodziwa za gawolo: UNICEF pa madzi ndi ukhondo, WFP pa chakudya, Malawi Red Cross Society pa malo ogona. Koma manambala amene onsewa amagwiritsa ntchito amachokera pansi, ku makomiti a za ngozi a m'mudzi ndi a kwa mfumu yaikulu, n'kukafika ku khonsolo ya boma. Mu labu ndimakuuzani kuti mukaphonya poyeza, yankho lonse laphonyeka. Mukalemba 500 pomwe anthu ali 600, anthu 100 alibe madzi, chakudya, ngakhale bulangete. Mukalemba 700 pofuna kukometsa, mwalanda msasa wina.

Msasa suyenera kukhalitsa, makamaka pasukulu, poti ana ayenera kubwerera m'kalasi. Anthu amafuna mbewu zoti akabzale kudimba chinyontho chisanathe, ndiponso pomanga nyumba. Apa kumbukirani phunziro lija la madzi okwera okha m'kachubu kopyapyala. Chidina chili ndi timipata tosaoneka tambirimbiri, ndiye chimakoka madzi kuchokera pansi ngati chingwe cha koloboyi. Nyumba zambiri sizikokoloka ayi, zimafewa m'munsi n'kukhala pansi. Maziko okwera a njerwa zootcha kapena miyala, pepala lapulasitiki pakati pa maziko ndi khoma, ndi denga lotuluka kunja ndithu, zimasintha zambiri.

Ntchito yanu sabata ino: pitani pamjigo wa pasukulu panu ndi ndowa ya malita 20 ndi wotchi. Yezani katatu nthawi imene ikutenga kudzaza, mupeze nambala ya pakati, kenako muwerengere kuti mjigowo ungasamale anthu angati ukamapopedwa maola 8 patsiku. Yankholo mulembe bwino, mubwere nalo Lolemba. Ndikufuna tikalipereke ku komiti ya m'mudzi mvula isanayambe.