Feteleza Wotsika Mtengo Ngwa Yani?

Ambiri a ife tiri pa sukulu pano chifukwa cha chimanga, fodya ndi mtedza zimene makolo athu alima kuno ku Mponela ndi m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Chaka chimene feteleza asowa, fizi nayonso isowa. Chifukwa chache ndifuna tiphunzire pamodzi za feteleza wotsika mtengo amene Boma lipereka kwa alimi.

Tiyambe ndi mbiri yache. M'chaka cha 1998 Boma la a Bakili Muluzi linagawa timatumba ta mbewu ndi feteleza, totchedwa Starter Pack. Itavuta njala ya 2005, Boma la a Bingu wa Mutharika linayamba kugawa makuponi. Mlimi wokhala ndi makuponi ankagula matumba awiri a makilogalamu 50, lina la wokulitsa, lina la wobereketsa, ku ADMARC kapena ku SFFRFM. M'chaka cha 2020 Boma la a Lazarus Chakwera linaleka makuponi, nilamula kuti mlimi azionetsa chiphaso cha unzika. Chaka chimenecho thumba linali K4,495, ndipo pofika 2022 linali K15,000.

Tsono funso ndi ili: kodi ndalama yotsala pa mtengo weni weni wa thumba aipereka ndani? Agogo ena amati ndi mphatso ya Boma. Iai, si mphatso. Ndalamayo ichokera ku msonkho, umene atate anu ndi anga apereka pogula sopo kapena nsaru ku sitolo, ndi kwina konse. Chinthu chogulidwa ndi ndalama za tonse chiyenera kugawidwa tonse tiri kuona.

Pamene zinthu zichitika mseri pamalowa zoipa. M'masiku a makuponi anthu ankadandaula kawiri kawiri za maina a anthu akufa, za midzi yopeka, ndi za mavenda ogula makuponi kwa amphawi. Pofuna kuchepetsa zimenezi, kuyambira 2008 Boma linati maina azisankhidwa pa msonkhano wa mudzi wonse. Koma mseri suli kumudzi kokha. M'chaka cha 2022 kunamveka kuti K750 miliyoni inaperekedwa kwa kampani ina ya ku Britain imene sinabweretse feteleza, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho nduna ya za ulimi, a Lobin Lowe, inachotsedwa pa udindo. Nkhaniyo ikadabisika, ndani akadafunsa?

Nanga ife ana a sukulu tingachitenji? Choyamba, tidziwa kuwerenga. Maina akaikidwa poyera, tiyeni tikawerengere agogo athu, tione ngati dzina ndi nambala ya chiphaso zalembedwa bwino. Chachiwiri, tidziwa masamu. Ngati mudzi uli ndi maina 40, matumba ayenera kukhala 80. Akafika 60, mabanja 10 agona ndi nkhawa, ndipo nkoyenera kufunsa kwa a nyakwawa kapena kwa alangizi, mwaulemu. Chachitatu, tiuze makolo kuti lilipo lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha kudziwa za nchito za Boma, limene linayamba kugwira nchito pa 30 Seputembala 2020. Kufunsa si mwano.

Tiwakumbutsenso makolo kuti pa tsiku la msonkhano azipita okha, pakuti akuru akuru anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndiponso chiphaso chao asachipereke kwa munthu wina ali yense, ngakhale atalonjeza ndalama. Ndalama ya venda itha sabata imodzi, koma njala ya mwezi wa Febuluwale sichedwa kufika.

Kwa aphunzitsi athu olemekezeka ndipempha kuti pa phunziro la ulimi tiziwerengera pamodzi mitengo imeneyi, kuti popita ku tchuthi tikakhale maso a midzi yathu.