Sipika ya pathabwa: musaikakamize kutulutsa besi

Matabwa akwera mtengo, ndiye ambiri kuno kwa Nchema akungoboola thabwa limodzi, n'kumangapo sipika ya mainchesi 12 ndi twita, kumbuyo osatseka. Palibe cholakwika. Siegfried Linkwitz, injiniya wodziwika wa ku California, ankapanga masipika opanda bokosi mwadala, ndipo mawu a kwaya amamveka oyera pa masipika otere. Masipika amene ndawaona akupsa m'matchalitchi ndi pazinkhoswe anapsa chifukwa cha kalumikizidwe ndi dzanja la woyimbitsa.

Zoboola ndi kumanga mabawuti mukuzidziwa. Thabwa likhale la masentimita 60 kapena kuposa m'lifupi, liime ngati mita imodzi kuchoka kukhoma.

Twita musailumikize mwachindunji. Ikani kapasita wa 4.7 µF, wopanda pulasi ndi mainasi, pa waya wa pulasi. Pa twita ya 8 ohms amayamba kudula mawu otsika cha m'ma 4,200 Hz. Kapasitayu ndi wotsika mtengo, twita yatsopano ndi kangapo pamenepo.

Tsopano pamene ambiri amagwera. Pepala la sipika likakankha mpweya kutsogolo, kumbuyo limakhala likukoka. Popanda bokosi, mpweyawo umangozungulira m'mphepete mwa thabwa, mawu akutsogolo ndi akumbuyo n'kufafanizana. Kuchokera cha m'ma 200 Hz kupita pansi, besi imachepa ndi 6 dB nthawi iliyonse nambalayo ikatsika ndi theka. Woyimbitsa akamva kuti pachepa, amapotokola batani la BASS mpaka kumapeto. Musatero! Mu bokosi, mpweya wotsekeredwa umagwira pepala kuti lisathamange kwambiri. Pathabwa palibe cholibweza. Limangovina, kenako mumamva pha! pha! khoyilo ikumenya pansi, posakhalitsa fungo lakupsa.

Choncho dulani mawu otsikitsitsa asanafike ku sipika. Pa ampu ya galimoto, ija timayendetsa ndi batire la sola, sankhani HPF, osati FULL kapena LPF, ndipo muyike pakati pa 60 ndi 80 Hz. BASS BOOST izime. Pa mikisa dinani LOW CUT ngati ilipo. Mukatero ikani nyimbo ya besi yambiri, muime chammbali n'kuyang'ana pepala. Likamagwedezeka kwambiri koma mawu osawonjezereka, tsitsani voliyumu kapena kwezani HPF. Ndibwerezenso: BASS ikhale pakati, ndipo amene akukuuzani kuti sipika imazolowera ikamenyedwa akukunamizani.

Ngati ndi ukwati ndipo anthu akufuna kuvina, gulani kapena khomani bokosi la besi lapadera. Ilo lipatseni LPF pa 100 Hz, thabwa HPF pa 100 Hz pomwepo. Besi ikazimiririka pamene awiriwa akukumana, tembenuzani mawaya a bokosilo, pulasi ku mainasi, mumvenso.

Za ampu, 3000W PMPO yolembedwa pakatoni muiwale, funsani mawati a RMS. Mawati 50 mpaka 100 akukwanira, chifukwa pathabwa pepala limafika polekezera mawati asanathe. Masipika awiri a 8 ohms pa waya mmodzi, pulasi ku pulasi, amakhala 4 ohms. Anayi amakhala 2 ohms, ndipo maampu ambiri amatentha pamenepo. Batire likafooka mawu amayamba kusasa, ndipo kusasako n'kumene kumawotcha twita ngakhale kapasita alipo. Mukamva zimenezo tsitsani nthawi yomweyo, mukatchaje batire.