Zonyansa Zinayi za Moyo Wakale Zoti Muuze Ana Anu

Amayi, ana amakonda kumva nkhani zodabwitsa ndi zonyansa. Madzulo ano auzeni zinayi izi, pakuti phunziro limene mwana walimva akuseka sachedwa kuligwira.

M'zaka za m'ma 1890, pamene atsamunda ankamanga linga ku Liwonde ndi kulimbana ndi Mfumu Kawinga ku phiri la Chikala, kuno kunalibe katemera wa ana, mijigo kapena sikelo. Amalonda ndi amtengatenga ankayenda mitunda yaitali opanda nsapato, ndipo matenda ankayenda nawo.

1. Matekenya

Kachilombo aka n'kachilendo. Kwawo ndi ku South America. Kanafika ku Angola pa sitima ya pamadzi mu 1872, ndipo pofika m'ma 1890 kanali katafalikira mpaka kuno. Thekenya lalikazi limaboola khungu la chala cha kuphazi, n'kutupa ngati nsawawa chifukwa cha mazira. Ena zala zinkawola mpaka kuduka. Musalichotse ndi minga kapena phini, chifukwa pabalapo pamaloŵa kafumbata. Pitani kuchipatala. Sesani ndi kuzira m'nyumba, ndipo nkhumba ndi agalu zisagone pamene ana amaseŵera.

2. Mphutsi

Pali ntchentche imene imaikira mazira pa dothi la mkodzo ndi pa zovala zonyowa zoyanikidwa pansi. Mazirawo akaswa, kamphutsi kamaloŵa m'khungu ndi kukula m'menemo masiku oposa asanu ndi atatu. Chotupa chake chimaoneka ngati chithupsa, koma chili ndi kaboo kopumira. Yanikani mateŵera pa chingwe padzuŵa, ndipo muwasite ndi simbi yotentha mbali zonse.

3. Likodzo

Kale ambiri ankati mnyamata akakodza magazi ndiye kuti wakula. Ayi, amenewo ndi matenda. Mu 1851 dokotala Theodor Bilharz anapeza ku Egypt kuti choyambitsa ndi nyongolotsi zokhala m'mitsempha ya magazi. Mazira ake amatuluka ndi mkodzo, tiana take timakulira mu nkhono za m'madzi, kenaka timaboola khungu la wosamba. Likodzo likadalipo ku nyanja za Chilwa, Chiuta ndi Malombe, m'mbali mwa Shire ndi m'minda ya mpunga. Limatha magazi a mwana ndi kuwononga chikhodzodzo. Mankhwala ake alipo. Phunzitsani ana kukodza m'chimbudzi, osati m'madzi.

4. Nthomba

M'madera ambiri a Africa makolo ankatenga mafinya a wodwala nthomba ndi kuwapaka pa mphini ya munthu wabwino, kuti adwale pang'ono ndi kupulumuka. Ena ankafa nazo, ena ankapatsira mudzi wonse. Katemera ndiye anagonjetsa nthendayi. Munthu womaliza kuitenga pamudzi anali wa ku Somalia mu 1977, ndipo mu 1980 bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, linalengeza kuti nthomba yatha.

Kumbukirani

Nthomba inatha chifukwa anthu analola kutemeredwa. Zitatu zinazo zikudikira ukhondo wanu. Posambitsa mwana, yang'anani pakati pa zala, kumsana ndi kumatako. Funsani ana okulirapo za mtundu wa mkodzo wawo. Mukaona chachilendo, musadikire tsiku la sikelo. Pitani kuchipatala msanga, ndipo musaiŵale buku la mwana.